Gasi wa m'firiji satha ngati makala

Firiji ikangosiya kuziziritsa, mawu oyamba kumveka m'nyumba zambiri ndi akuti gasi watha. Mwini nyumba amatero, woyandikana naye amavomereza, ndipo mmisiri amene wayimbiridwa foni amafika atamangirira kale botolo la gasi kumbuyo kwa njinga yamoto asanaione n'komwe firijiyo. Chizolowezichi chakhala chikutidyera ndalama kuyambira pa mafiriji akale a chitseko chimodzi, koma tsopano chafika poipa chifukwa m'makhitchini a ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu mwayamba kulowa mafiriji akuluakulu amene ogulitsa amawatcha French door, aja okhala ndi zitseko ziwiri zotsegukira uku ndi uku pamwamba komanso dilowa youmitsira nyama pansi. Mtengo wa firiji yotereyi umalingana ndi malipiro a miyezi ingapo a munthu wa pa ntchito yabwino. Ine ndikuti mavuto ambiri a mafirijiwa sakhudzana ndi gasi ayi, ndipo mmisiri amene amathamangira kuboola paipi asanafufuze zinthu zing'onozing'ono ndi amene amasandutsa firiji yodwala pang'ono kukhala yakufa.

Tiyambire pa gasiyo. Ambiri timamuganizira ngati makala a pa mbaula kapena petulo wa m'galimoto, zinthu zimene zimachepa ukamazigwiritsa ntchito. Gasi wa m'firiji sapsa ndipo sadyeka. Amangozungulira m'mapaipi otsekedwa ndi moto ku fakitale: kompuresa imamupanikiza n'kumutumiza ku mapaipi akunja kumene amataya kutentha n'kusanduka wamadzimadzi, kenako amadutsa m'kapaipi kopyapyala ngati waya n'kukafika m'mapaipi a m'kati, kumene amasandukanso mpweya akuyamwa kutentha kwa chakudya, n'kubwerera ku kompuresa. Ulendo ndi womwewo tsiku ndi tsiku, ndipo gasi amene anaikidwa firiji ikupangidwa amayenera kukhala momwemo mpaka firijiyo idzakalambe. Akachepa ndiye kuti penapake pabooka. Choncho munthu wokuuzani kuti gasi watha koma osakuonetsani pamene watulukira wakuuzani theka la nkhani, ndipo akangowonjezera wina n'kumapita, wathira madzi m'chidebe chodontha.

Chimene chimasokoneza anthu pa firiji ya mtundu uwu n'chakuti kuzizira sikuonekera pakhoma ngati mmene zinkakhalira kale. Mapaipi ozizira anabisidwa kuseri kwa chivundikiro cha pulasitiki kumbuyo kwa chipinda choumitsira, ndipo m'mafiriji ena muli mapaipi enanso kuseri kwa chipinda chapamwamba. Pambali pawo pali kafani kamene kamakankha mpweya wozizira kudutsa m'timabowo kupita kumene kuli chakudya. Mpweyawo umakhala ndi chinyezi, ndipo chinyezicho chimaundana pa mapaipi. N'chifukwa chake pansi pa mapaipiwo pali kahita kamene kamayaka kwa mphindi zingapo pakapita maola angapo, kusungunula ayisi, ndipo madzi ake amatsika pa kabowo kang'ono n'kukagwera m'mbale imene ili pansi pafupi ndi kompuresa, kumene amauma okha. Kasensa kamauza bodi yoyendetsa firiji kuti ayisi wasungunuka, hita izime. Taonani kuchuluka kwa tinthu timene tingafe: kafani, kahita, kasensa, kafiyuzi kotetezera hita, kachitseko kolowetsa mpweya m'chipinda chapamwamba. Kamodzi mwa timeneti kakaleka kugwira ntchito, mapaipi amakutidwa ndi chibuma cha ayisi kapena mpweya wozizira umaleka kuyenda, ndipo mkaka umasasa pamwamba pamene nyama ya m'dilowa ili gwa ngati mwala. Nyama youma chonchi ndi umboni woti gasi alimo ndipo kompuresa ikugwira ntchito. Nthawi zina firiji imachenjeza yokha, imayamba kulira ngati kachitsulo kakukhula chinthu chifukwa mapiko a kafani akumenya ayisi, ndipo phokosolo limaleka mukangotsegula chitseko popeza kafaniko kamaima.

Amisiri ena, ngakhale eni mafiriji omwe, adzatsutsa kuti iwo anaona ndi maso awo firiji ikuyambanso kuziziritsa atangothira gasi. Sindikukana kuti anaona, koma tiyeni tione zimene zimachitika tsiku limenelo. Firiji imazimitsidwa m'mawa podikira mmisiri, chakudya chimatulutsidwa, zitseko zimasiyidwa pululu, mmisiri amafika masana n'kugwira ntchito maola awiri kapena atatu. Nthawi yonseyi chibuma cha ayisi chija chikusungunuka kuseri kwa chivundikiro. Poyatsa madzulo mpweya ukudutsa bwinobwino, firiji ikuzizira, ndipo ulemu wonse ukupita kwa gasi. Pakatha sabata imodzi kapena ziwiri ayisi wadzazanso chifukwa kahita kakufa kaja palibe anakakhudza, ndipo mwini firiji amauzidwa kuti gasi wathanso, mwina kompuresa yafooka. Aliyense angathe kuyesa mfundo imeneyi popanda kulipira kalikonse. Zimitsani firiji, siyani zitseko zotsegula tsiku lathunthu, yalani nsanza pansi, kenako yatsani. Ikazizira bwino kwa masiku angapo n'kuyambiranso vuto lomwe lija, dziwani kuti vuto lili pa zosungunulira ayisi. Firiji yopanda gasi singachire chifukwa chopuma.

Vuto la madzi odikha pansi pa madilowa a ndiwo zamasamba, kapena ayisi woyala ngati galasi pansi pa chipinda choumitsira, limachokera ku kabowo kotulutsira madzi kaja. Nyenyeswa za chakudya, ndere kapena ayisi zimakatseka, madzi n'kubwerera m'kati. Madzi ofunda othiridwa pang'onopang'ono pakabowopo amathetsa nkhaniyo nthawi zambiri.

Zitseko ndiye zimafuna kuziyang'anitsitsa, chifukwa m'pamene firiji ya French door imasiyana ndi zinzake. Pakati pa zitseko ziwirizo palibe mzati wokhazikika. M'malo mwake, m'mphepete mwa chitseko chimodzi, kawirikawiri chakumanzere, muli kathabwa kopindika kamene kamalowa m'kanjira kake pamwamba n'kutambasuka chitseko chikamatsekeka. Mwana akakankha chitseko kathabwako katatambasuka kale, kapena kasipuling'i kake kakathyoka, chitseko chimaoneka chotseka koma pakati patsala mpata wolowa chala. Usiku wonse mpweya wofunda umalowa pamenepo, ndipo nyengo ya mvula umalowa ndi chinyezi chambiri chimene chimakaundana pa mapaipi aja. Labala wa m'mphepete mwa zitseko nayenso amauma, kung'ambika kapena kumatirira shuga wa zakumwa zotayika. Muyeso wake ndi wapafupi: panitsani pepala pachitseko n'kulikoka, likasololoka popanda kukana, labala sakugwira pamenepo. Pansi pa nyumba zathu zambiri si posalala, ndipo firiji yopendekera kutsogolo zitseko zake sizidzitsekera zokha, pamene timiyendo takutsogolo tikakwezedwa pang'ono vutolo limatha. Kumbuyo nako kuli nkhani. Mapaipi otaya kutentha a mafiriji ambiri akuluakulu ali pansi, kuseri kwa chitsulo, ndipo fumbi la mwezi wa Ogasiti ndi Seputembala limawakuta ngati bulangeti, makamaka firiji ikakanikizidwa kukhoma kapena kuikidwa pafupi ndi chitofu. Ndipo ogula ochepa okha ndi amene amawerenga kapepala ka m'kati kosonyeza nyengo imene firiji inapangidwira. Chilembo N chimatanthauza kuti imapirira kutentha kwa m'nyumba mpaka madigiri 32, ST mpaka 38, T mpaka 43. Firiji ya N imene m'bale watumiza kuchokera ku Britain ikakafika ku Nsanje, Chikwawa kapena Mangochi mu Okutobala imalira usana ndi usiku osafikitsa kuzizira pa madigiri 4 oyenera chipinda chapamwamba, ndipo palibe gasi amene angaichiritse.

Mdani wamkulu wa mafirijiwa kuno kwathu ndi magetsi. Firiji yakale inali ndi kompuresa ndi kachipangizo koyatsa n'kuzimitsa, basi. Ya masiku ano ili ndi bodi imene ili ngati kakompyuta, ndipo zambiri zili ndi bodi yachiwiri yoyendetsa kompuresa ya inverter, imene imasintha liwiro m'malo mongoyaka n'kuzima. Mabodi amenewa amafuna magetsi okhazikika, pafupifupi mavoti 230. Aliyense amene anakhala m'dziko muno namondwe wa Ana atawononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko n'kutaya pafupifupi mamegawati 130, akukumbukira mmene magetsi ankazimira maola ambiri tsiku lililonse. Choopsa kwa firiji si mdimawo kwenikweni koma mphindi imene magetsi akubwerera, nthawi zina mwamphamvu kwambiri, nthawi zina mofooka mababu akuchita kufiira, nthawi zina n'kuzima n'kuyakanso kangapo motsatizana. Kompuresa ikazima imafuna mphindi zingapo kuti gasi akhazikike isanayambenso; ikakakamizidwa kudzuka nthawi yomweyo imang'ung'uza, kutentha, n'kumveka kuti "tiki" kachipangizo koiteteza kakaidula. Jenereta yaing'ono yosakhazika bwino magetsi imachitanso chimodzimodzi. Firiji imene nyale zake zikuyaka koma kompuresa ili zii, kapena ikungolira "tiki" pakapita mphindi zingapo, iyenera kuyezedwa bodi ndi choyambitsira kompuresa munthu asanatchule za gasi. Chipangizo chija timachitcha fridge guard, chimene chimadula magetsi oipa n'kudikira mphindi zingapo chisanawalole kulowa, mtengo wake ndi kachigawo kakang'ono chabe ka mtengo wa bodi yatsopano, ndipo zimandipweteka kuona kuti masitolo amalola munthu kutuluka ndi firiji ya ndalama zankhaninkhani osamuuza zimenezi. Amene amaitanitsa katundu ku America asamalenso: kumeneko mafiriji amapangidwira mavoti 110 mpaka 120.

Palinso kanthu kena kochititsa chisoni chifukwa cha kuchepa kwake. Mafiriji ambiri a mtundu uwu ali ndi makonzedwe oonetsera m'sitolo, pamene nyale ndi manambala zimayaka koma kompuresa siyaka. Kudina mabatani awiri nthawi imodzi popukuta chitseko kungayambitse makonzedwewa, ndipo kabuku kamene kamabwera ndi firiji kamafotokoza mmene amachotsedwera.

Wina angafunse kuti kodi kuwonjezera gasi kumalakwika pati ngakhale vuto litakhala lina. Kumalakwika kwambiri. Mafiriji ambiri a masiku ano amagwiritsa ntchito gasi wotchedwa R600a, ndipo amaikidwa wochepa kwambiri, magalamu makumi angapo basi, monga zalembedwera pa kapepala ka m'kati. Muyeso umenewu umafuna sikelo, osati kuyerekeza ndi khutu kapena kugwira paipi ndi dzanja. Akachuluka pang'ono, firiji imaziziritsa moperewera ndipo kompuresa imavutika. Mmisiri wopanda R600a amene amathiramo R134a chifukwa ndi amene ali naye amawononga zambiri, popeza kompuresa, mafuta ake ndi kapaipi kopyapyala kaja zinapangidwira gasi mmodzi yekha. Paipi ikabooledwa popanda makina okoka mpweya, chinyezi chimalowa n'kukaundana m'kapaipiko, ndipo kavavu kopanira kamene ena amakasiya pa paipi kamayamba kudontha pakapita nthawi. Apa ndiye gasi amathadi, m'firiji imene inalibe bowo mmisiri asanafike. R600a amayakanso moto. Kuwotcherera paipi m'khitchini yotseka mawindo, gasi asanachotsedwe bwino, n'kuika moyo wa banja pachiswe. Ndipo R134a wopoperedwa m'mlengalenga amatenthetsa dziko kuposa mpweya wa carbon dioxide kokwana maulendo oposa 1,000, chimene ndi chifukwa chake mayiko, kuphatikizapo Malawi, anavomereza mgwirizano wa ku Kigali wa 2016 wochepetsa magasi a mtundu umenewu.

Sindikunena kuti gasi satuluka. Amatuluka, ndipo zizindikiro zake n'zodziwika: zipinda zonse ziwiri zimafunda, kompuresa imayenda osapuma, ndipo mukachotsa chivundikiro mumapeza ayisi pakangodya kamodzi kokha ka mapaipi, kwina konse kuli kouma. Nthawi zina pamene pabooka pamaoneka timafuta. Chimene chimaboola mapaipi kawirikawiri ndi mpeni kapena sikuludiraiva ya munthu wofuna kugumula ayisi mwachangu, kenako dzimbiri, kenako kunyamula firiji mogoneka pa lole m'misewu ya mabampu. Kompuresa nazo zimafa. Ku America kampani ya LG inagwirizana mu 2020 zolipira ogula amene anaisumira chifukwa cha makompuresa a mafiriji ena. Koma kukonza koona kwa vuto limeneli kuli ndi ndondomeko yake: kupeza bowo, kulitseka, kusintha kasefa koumitsa gasi, kukoka mpweya wonse, ndi kuthira gasi woyenera pa sikelo. Mmisiri wochita zimenezi ndi woyenera malipiro ake onse, ndipo tisamamunenerere ngati tikugula tomato.

Amisiri ali ndi dandaulo lawo, ndipo ndi lomveka. Amati kufufuza kumatenga nthawi, kasitomala safuna kulipira ntchito yofufuza, amafuna kuona chinthu chikuthiridwa; ndipo ngakhale utapeza kuti kasensa kapena bodi yafa, ukaipeza kuti? Uyenera kuitanitsa ku Johannesburg, Dubai kapena China, kudikira milungu, ndalama zakunja zili zosowa, mwini firiji akukuimbira foni tsiku lililonse. Gasi ndiye ali pafupi. Dandaulo limeneli likuonetsa kumene mlandu waukulu uli, koma silisandutsa mankhwala olakwika kukhala olondola. Ife eni mafiriji tiyenera kuzolowera kulipira munthu chifukwa chotiuza zoona, ngakhale zoonazo zitakhala zakuti vuto linali fumbi. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekhako ndi ntchito yofunika malipiro. Koma amene amaitanitsa ndi kugulitsa mafirijiwa ndi amene ayenera kufunsidwa kwambiri. M'mayiko a European Union, kuyambira mu Marichi 2021 lamulo limakakamiza opanga mafiriji kuti zipangizo monga masensa ndi mabodi zizipezeka kwa zaka 7 mtundu wa firijiwo utasiya kugulitsidwa, ndipo labala wa zitseko kwa zaka 10. Ife tilibe fakitale yoti tiilamule, koma tili ndi masitolo oitanitsa katundu, tili ndi bungwe la Malawi Bureau of Standards loona katundu wolowa, ndiponso la Competition and Fair Trading Commission loteteza ogula. Si chinthu chachilendo kupempha kuti wogulitsa firiji ya mtengo wotere azisunga timasensa, timahita, timafani ndi mabodi ake, komanso kuti asabweretse firiji yosapirira kutentha kwa kuno. Maphunziro a zamafiriji amene amaperekedwa pansi pa TEVETA nawonso ayenera kuyenda ndi nthawi, kuti wachinyamata womaliza sukulu azidziwa kuwerenga manambala a zolakwika pa chitseko ndi kuyeza sensa ndi mita, osati kuwotcherera kokha.

Ena adzati nkhani ngati ino ikulimbikitsa anthu osadziwa kumasula zinthu za magetsi, n'kudzivulaza kapena kutaya chitsimikizo cha sitolo. Nkhawa imeneyi ndi yoona, ndipo malire ake ndi oonekeratu. Kupukuta labala, kuyesa ndi pepala, kusesa fumbi firiji itazulidwa pa soketi, kusungunula ayisi posiya zitseko zotsegula, kusuntha mapoto amene atseka timabowo ta mpweya, kuika kapu ya madzi yokhala ndi choyezera kutentha usiku wonse: zonsezi ndi za mwini nyumba. Mawaya, mabodi, kahita ndi chilichonse chokhudza mapaipi ndi za mmisiri, ndipo firiji imene chitsimikizo chake sichinathe ibwerere kwa amene anaigulitsa. Kudziwa mmene firiji imagwirira ntchito sikukusandutsani mmisiri, koma kumakupatsani mafunso. Munthu wonena kuti pansi pakuumitsa, pamwamba pakufunda, ndipo nditaizimitsa tsiku lathunthu inachira kwa masiku khumi, wamuchepetsera mmisiri wabwino theka la ntchito, ndipo woipa wamutsekera njira. Kudziwa komweku kumapulumutsa chakudya magetsi akazima: chipinda chapamwamba chimasunga kuzizira pafupifupi maola 4 ngati sichikutsegulidwa, ndipo choumitsira chodzaza chimatha kupirira mpaka masiku awiri.

Mfundo yotsutsa imene ndimailemekeza kwambiri ndi yakuti iyi ndi nkhani ya anthu ochepa opeza bwino, m'dziko limene kalembera wa 2018 anapeza kuti pafupifupi banja limodzi lokha mwa mabanja 10 ndi limene limaunikira ndi magetsi a ESCOM. N'zoona, ndipo ndingawonjezere kuti mabanja ambiri angachite bwino kugula firiji yosavuta kusiyana ndi ya French door. Walira mvula walira matope, ndipo wofuna makina opanga ayisi pachitseko avomerenso kuti amafuna madzi a pa mpope othamanga bwino ndi sefa yosinthidwa miyezi 6 iliyonse, zinthu zimene m'madera ambiri a m'tauni n'zovuta. Koma chizolowezi cha "gasi watha" sichisankha khomo. Mmisiri yemweyo amene lero waboola firiji ya ku Area 10 mawa akaboola ya mayi wa ku Ndirande kapena Kawale amene amagulitsa thobwa lozizira ndi nkhuku zoumitsa, amene firiji ndiyo mpamba wake wonse, ndipo ya kagolosale ka pa Jenda, ndi ya kachipatala kosunga mankhwala ofuna kuzizira. Mayiyo akalipira gasi kawiri pa vuto la kachipangizo koyambitsira kompuresa, ndalama ya fizi ya mwana yapita, katundu wawola, ndipo kachitatu adzauzidwa kuti agule firiji ina. Mafiriji a French door angoonetsa poyera vuto limene osauka akhala akulipirira mwakachetechete, chifukwa tinthu take tambirimbiri timachititsa kuti yankho limodzi lija lizilakwika kawirikawiri kuposa kale. Ndipo mafiriji ang'onoang'ono atsopano nawonso ayamba kubwera ndi timafani, timahita ndi mabodi omwewo, kotero kuti mmisiri wa pa msika amene lero sadziwa kuyeza sensa, zaka zikubwerazi adzakumana nayo ngakhale m'firiji ya pa kaokala.